Kuyeza Mpweya Phuma Lisanafike

Atsibweni anga, amene adapita ku Joni ndi Wenela ali mnyamata nakagwira ntchito zaka zambiri pansi pa nthaka m'migodi ya golide, adali ndi chizolowezi chimene ife ana tinkachiyesa ulemu, koma chimene ndidadzazindikira nditakula kuti chidali chophimbira matenda. Tikamakwera nawo kamtunda kochokera kudimba kupita kumudzi, iwo ankaima pa munda uliwonse wa m'mbali mwa njira, nagwira tsamba la chimanga, nalipenyetsetsa ngati munthu wofuna kugula, kapena kulonjera mwini munda ndi malonje aatali ofunsa za ana ndi zidzukulu mmodzimmodzi, ndipo pokhapokha chifuwa chawo chitaleka kukwera ndi kutsika ngati mvukuto wa wosula makasu, m'pamene ankati, "Tiye mphwanga, dzuwa latisiya." Palibe adawamvapo akudandaula. Akulu anzawo akawafunsa, yankho lidali limodzi, lakuti ndi ukalamba, ngakhale kuti pa nthawiyo adali asanakwanitse zaka 50.

Ndimawakumbukira kawirikawiri masiku ano, pamene sikelo ya ana idafika m'mudzi uliwonse, ndipo amayi okalamba adziwa kutchula manambala a BP yawo ndi a shuga monga atchulira mtengo wa feteleza. Koma mpweya, umene munthu sangausale ngakhale mphindi zisanu pamene nsima angaisale masiku, sitiuyeza, ndipo ambiri a ife sitidziwa n'komwe kuti umayezeka. Kusasamala kumeneku sikuchokera ku ulesi wokha ayi. Muzu wake uli m'mapangidwe a mapapo enieniwo, amene ali ngati mtengo wozondoka: thunthu lake litsika kuchokera kukholingo, ligawika pawiri, nthambi zake nizigawikanso pawiripawiri kokwana ngati ka 23, kufikira zitasanduka timanjira topyapyala totsirizira m'timatumba ta mpweya tosachepera 300 miliyoni, mmene magazi alandira okosijeni nataya mpweya woipa. Mapapo a mwamuna wamkulu asunga mpweya wofika malita 6, koma munthu atakhala pansi akoka theka la lita lokha pa kupuma kumodzi. Wotsalawo ndi nkhokwe yosungira tsiku la kuthamanga, la kuswa mphanje, la kusenza thumba la chimanga kupita kuchigayo.

Tsono monga banja limene litapa lichero limodzi pa tsiku silizindikira kuti anankafumbwe adayamba kale ntchito yawo pansi pa nkhokwe, kufikira mwezi wa njala pamene dzanja lipisa nilitulutsa fumbi lokhalokha, chomwechonso munthu atha kutaya gawo lalikulu la mphamvu ya mapapo ake osamva kanthu. Mnofu wa mapapo sumva kuwawa monga dzino kapena diso. Timanjira tija tosapitirira mamilimita 2 kukula kwake, mmene matenda a utsi amayambira, tachuluka kotero kuti tambiri tingatsekeke mpweya n'kumadutsabe m'totsalato, ndipo n'chifukwa chake madokotala adatcha chigawo chimenechi dera lachete. Chakudza sichiimba ng'oma, adatero akale. Ndipo munthu, pokhala wodziwa kulisasatitsa thupi lake, amayamba yekha kuchepetsa liwiro, kusankha njira yolambalala phiri, kusiyira mwana khasu lolemera, osadziwa kuti akuwayalira matenda mphasa.

Zida zofufuzira m'chifuwa zimene tidazizolowera ndi zabwino, koma chilichonse chili ndi malire ake. Chomvetsera chija dokotala amachipachika m'khosi adachiyamba René Laennec ku Paris m'chaka cha 1816, atakulunga pepala ngati chitoliro naliika pachifuwa cha wodwala. Chimamva kulira kwa mpweya, kuphulika kwa timathovu ta chibayo, mluzu wa mphumu, koma chifuwa chimene chikuwonongeka mwakachetechete chimachipeza chili zii. Kujambula pachifuwa, kumene kudatheka Wilhelm Röntgen atatulukira kuwala kwa X-ray mu 1895, kumaonetsa zipsera, mabowo ndi madzi. Kuyeza makhololo kumagwira kachilombo ka chifuwa chachikulu. Komatu kuona ng'ombe itaima m'khola, ngakhale kuimvetsera kulira kwake, sikukuuza kuti ingakoke ngolo yolemera bwanji; ofuna kudziwa zimenezo amaimanga pagoli. Kuyeza mpweya ndiko kumanga mapapo pagoli.

Munthu amene adatsegula njira imeneyi ndi John Hutchinson, dokotala wa ku England, wobadwa mu 1811 m'dera la migodi ya malasha pafupi ndi Newcastle. Chida chake, chimene adachitcha spirometer nachifotokoza pamaso pa madokotala anzake ku London mu 1846, chidali chapafupi kotero kuti mmisiri wa zidebe wa pamsika akadatha kuchikhoma: mgolo wachitsulo wovundikira m'madzi, wolendewera pa zingwe ndi zolemetsa, umene munthu akauziramo mpweya kudzera m'paipi unkakwera, ndipo kukwera kwakeko kunkawerengedwa pa muyezo wolembedwa m'mbali. Chidamusiyanitsa ndi ena amene adayeserapo zotere iye asanabadwe ndi khama lake la kuwerenga. Adayeza anthu 2,130, asilikali, amalinyero, apolisi, ozimitsa moto, ankhonya, amphawi ndi olemera omwe, nalemba msinkhu, kulemera ndi zaka za aliyense. Ndipo m'manambala amenewo adaona lamulo limene likugwirabe ntchito kufikira lero, lakuti mpweya wonse umene munthu angautulutse atakoka kufikira pomaliza umatsata msinkhu wake, inchi iliyonse ya kutalika niwonjeza pafupifupi mamililita 130, ndipo umanka nuchepa ndi ukalamba. Potero kudatheka kunena kuti munthu wa msinkhu wakuti ndi zaka zakuti ayenera kutulutsa mpweya wochuluka chotere, ndipo amene waperewera kwambiri ali ndi chinachake chimene chikumudya.

Mwa amene adawayeza mudali chiphona china cha ku America, Charles Freeman, wankhonya wotalika kupitirira mamita awiri, amene pa kuyeza koyamba adatulutsa mpweya woposa malita 7. Zitapita zaka ziwiri muyezo wake udapezeka utatsika kwambiri, pamene madokotala omumvetsera pachifuwa sadamve chodetsa nkhawa. Ndipo mu 1845 munthuyo adamwalira ndi chifuwa chachikulu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mgolo wa m'madzi udaona zimene khutu lophunzira lidalephera kumva, ndipo udaziona chifukwa padali muyezo woyamba woyerekezera nawo wachiwiri. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tidzaipezanso kutsogoloku. Hutchinson mwiniwake sadakolole ulemu wa ntchito yake, popeza adasiya zonse napita ku Australia m'masiku a golide, nakafera ku Fiji mu 1861, ndipo chida chake chidakhala zaka zambirimbiri chikulemekezedwa m'mabuku koma chosowa m'zipinda za odwala.

Chidali chosowa chinthu chimodzi, ndicho nthawi. Mtsuko wa kukamwa kwakukulu ndi botolo la khosi lopapatiza zingasunge madzi ofanana, koma mukazipendeketsa, mtsuko ukhuthula pomwepo pamene botolo lichedwa likugwedera. Wongoyeza madzi otulukawo adzati ziwirizi n'zofanana, ndipo adzalakwa. Robert Tiffeneau, dokotala wa ku Paris, ndiye adaonetsa mu 1947 kuti chofunika si kuchuluka kwa mpweya kokha, koma gawo lake limene lituluka mu sekondi yoyamba munthu akauzira ndi mphamvu zake zonse. Kuyambira pamenepo pepala la zotsatira limakhala ndi manambala awiri aakulu: FVC, ndiwo mpweya wonse wotuluka, ndi FEV1, ndiwo wotuluka mu sekondi yoyamba. Munthu wamkulu wa mapapo abwino amatulutsa magawo 75 kapena 80 mwa 100 mu sekondi imeneyo. Akatsika pansi pa 70, madokotala amakayikira kuti njira za mpweya zapanikizika, monga zichitira pa mphumu ndi pa matenda okhalitsa otchedwa COPD, amene amadza ndi fodya, utsi ndi fumbi, ndipo bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lidawawerengera imfa zoposa 3 miliyoni m'chaka cha 2019. Koma magawowo akakhala abwino pamene mpweya wonse uli wochepa, ndiye kuti khosi la chotengera lili bwino koma chotengeracho n'chaching'ono: mapapo aumitsidwa ndi zipsera, kapena chifuwa chikulephera kufutukuka, kapena mapapowo sadakule mokwanira kuyambira paubwana.

Spirometer ya lero ilibenso madzi. Ina ndi yaing'ono ngati foni ya m'manja, yokhala ndi kagudumu kozungulira ndi mpweya kapena kachipangizo komva liwiro la mpweya, ndipo imalumikizidwa ku kompyuta imene imajambula mzere wa kuuzirako. Woyezedwa amakhala pampando wotsamira, atamasula lamba kapena chitenje chothina, asanasute fodya kapena kudya kwambiri posachedwa. Amayezedwa msinkhu atavula nsapato. Mphuno zimapanidwa ndi kopanira kofewa, ndipo milomo imagwira kapaipi kokhala ndi sefa, kamene kamasinthidwa pa munthu aliyense. Akakoka mpweya kufikira chifuwa chitadzaza kotheratu, amauphulitsa nthawi imodzi, napitiriza kuuzira masekondi 6 kapena kuposa, kufikira ataona ngati mulibenso kanthu, ndipo pamenepo amauzidwa kuti apitirizebe. Izi zimabwerezedwa kosachepera katatu, nthawi zina kufikira ka 8, mpaka miyezo iwiri yabwino itayandikana osasiyana kupitirira mamililita 150. Kukaoneka kupanikizika, wodwala amapopera mankhwala a salbutamol, nadikira mphindi 15, nauziranso. Mpweya wa sekondi yoyamba ukakwera ndi magawo 12 mwa 100 pamodzi ndi mamililita 200, chimenecho ndi chizindikiro cholozera ku mphumu, imene njira zake zimatseka ndi kutsekuka, pamene pa COPD kupanikizikako kumatsalabe. Amene wachitidwa opaleshoni ya diso, ya pamimba kapena ya pachifuwa posachedwa, amene wadwala mtima masabata apitawo, wotsokomola magazi, ndiponso amene akuganiziridwa kuti ali ndi chifuwa chachikulu chimene sichinayambe kuchizidwa, ayenera kudikira, pakuti kuuzira kotere kumafinya thupi ndipo kumamwaza tizilombo.

Pano ndiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa ogula zida ambiri amaganiza kuti akalipira makina ntchito yatha. Pa miyezo yonse ya kuchipatala, uwu ndiwo umodzi umene wodwala amagwira yekha ntchito yolemetsa, ndipo woyeza ndiye theka la makinawo. Magazi amatengedwa munthu atangotambasula mkono. Koma kuti gogo wolemekezeka, amene moyo wake wonse sadakwezepo mawu pamaso pa alendo, afufume masaya, atuzule maso nawerama pouzira pamaso pa namwino wa msinkhu wa mdzukulu wake, pafunika luso la pakamwa limene silidza m'bokosi la makina. Ndidaonapo namwino wina wodziwa ntchitoyi akuyamba wauzira yekha katatu kuti achotse manyazi a wodwala, kenaka n'kugwada pambali pake nati, "Agogo, kokani mpweya, kokani, kokaninso! Tsono uzirani ngati mukukoleza moto wa nkhuni zaziwisi! Musaleke agogo, pitirizani, pitirizani!" Mawu a nkhuni zaziwisiwo adachita zimene kufotokoza kwa mphindi khumi kukadalephera. Munthu akauzira mwamanyazi, kapena akaleka msanga, makina amalemba mokhulupirika nambala yabodza, ndipo wamoyo amalembedwa wodwala. N'chifukwa chakenso makinawo ayenera kuyesedwa tsiku lililonse la ntchito ndi chipopero chachikulu cha malita 3 enieni, kuti aoneke ngati akuwerengabe molungama. Sikelo yonyenga ndi yoipa kuposa kusowa sikelo.

Pali chida china chaching'ono ndi chotsika mtengo, chimene aliyense wodwala mphumu akadayenera kukhala nacho pamutu pa bedi. Dzina lake ndi peak flow meter, ndipo adachikonza Basil Martin Wright, amene ankagwira ntchito pa malo ofufuzira matenda a fumbi a anthu okumba malasha ku Llandough, pafupi ndi Cardiff m'dziko la Wales, nachilengeza mu 1959. Munthu amauziramo kamodzi mwamphamvu ngati wozimitsa nyali, kamuvi nikasuntha kuonetsa liwiro la mpweya. Nambala imodzi ya chida chimenechi sinena zambiri. Phindu lake lili m'kulemba m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri kapena kuposa, pakuti mphumu ndi matenda osinthasintha, ndipo nambala imayamba kutsika tsiku limodzi kapena awiri munthu asanabanike, kumupatsa mpata wowonjeza mankhwala kapena wopita kuchipatala akadayenda ndi miyendo yake. Nkhanga zidapangana kusanapse. Wogwira ntchito m'chigayo, mophika buledi, mocheka matabwa kapena mosankha fodya, akaona kuti manambala ake amatsika m'kati mwa sabata nakwera akapuma masiku angapo kunyumba, wapeza yekha umboni wakuti chomudwalitsa chili kuntchito. Koma chidachi chimangomva mkokomo woyamba wa m'njira zazikulu, ndipo sichingalowe m'malo mwa spirometer.

Zida zina zimapezeka m'zipatala zazikulu zokha, ndipo ndizitchula mwachidule. Mpweya wina, woposa lita imodzi, umatsala m'mapapo ngakhale munthu auzire chotani, ndipo pofuna kuuyeza wodwala amakhala m'kachipinda kagalasi kotsekedwa, njira imene Arthur DuBois ndi anzake adaikonza ku Philadelphia mu 1956. Kachipinda kameneka ndiko kamatsimikiza ngati mapapo achepadi. Muyezo wina, umene maziko ake adayalidwa ndi mayi wina wa ku Denmark, Marie Krogh, mu 1915, umafufuza ngati mpweya ukuwoloka bwino kuchokera m'timatumba tija kulowa m'magazi: munthu amakoka mpweya wosakaniza ndi kadontho kosavulaza ka carbon monoxide, naugwira masekondi 10, ndipo makina amawerenga umene walowa m'magazi. Muyezo umenewu nthawi zina umatsika spirometer isanaone kanthu. Ana aang'ono ndi nkhalamba zosatha kuuzira mwamphamvu amayezedwa ndi makina otumiza timafunde ta mpweya m'kamwa iwo akupuma mwachizolowezi. Ndipo pomwe palibe chilichonse cha izi, khonde la mamita 30 ndi wotchi zikwanira kuyeza mtunda umene wodwala ayenda pa mphindi 6, n'kuulemba kuti udzayerekezedwe ndi wa ulendo wina.

Kachipangizo kopanira pachala, pulse oximeter, kamene ambiri tidakadziwa m'masiku a Covid-19 ndipo kadachokera ku nzeru za Takuo Aoyagi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kapulumutsa ana ambiri odwala chibayo, koma pa nkhani ya kutulukira matenda msanga kangatinyenge. Kamayeza okosijeni wa m'magazi, ndipo thupi limateteza nambala imeneyo kufikira mapeto, kotero kuti munthu wa mapapo owonongeka kwambiri atha kuonetsa 96 atakhala pansi. Kafukufuku wa ku Michigan wa mu 2020 adaonetsanso kuti pa anthu a khungu lakuda kachipangizoka kamakonda kuwerenga mokweza pang'ono, n'kubisa kuchepa kwa okosijeni. Ife a khungu limenelo tiyenera kuzidziwa.

Tibwerere tsopano ku mfundo ija ya muyezo woyamba ndi wachiwiri. Mapapo amakula kufikira munthu atafika zaka 20 kapena 25, ndipo pambuyo pake mpweya wa sekondi yoyamba umachepa ndi mamililita pafupifupi 30 chaka chilichonse, ngakhale mwa munthu wosadwala. Charles Fletcher ndi Richard Peto, atatsatira amuna ogwira ntchito a mu London kwa zaka 8, adaonetsa mu 1977 kuti mwa osuta fodya ena kutsikako kumathamanga kwambiri, zaka zambiri phuma lisanamveke. Adaonetsanso kuti wosiya fodya sabwezeredwa zimene adataya, pakuti madzi akatayika saoleka. Koma kutsika kwake kumabwerera ku liwiro la munthu wamba, ndipo kusiyana kwa kusiya pa zaka 40 ndi kusiya pa zaka 65 ndiko kusiyana kwa kukalamba ukuyenda ndi kukalamba utatsamira khoma. Apa m'pamene pagona phindu lonse la kuyeza msanga. Munthu wobadwa ndi mapapo aakulu atha kutaya lita yathunthu n'kumawerengedwabe kuti ali bwino pomuyerekeza ndi anthu ena. Chomuulula ndi kumuyerekeza ndi iye mwini wa zaka zisanu zapitazo.

Nanga kwathu kuno mpweya wa anthu uli bwanji? Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi anzawo atayeza anthu akuluakulu osankhidwa mwamwayi mumzinda wa Blantyre, adalengeza mu 2016 kuti oposa 40 mwa 100 alionse adali ndi muyezo wosakhala bwino, ndipo ambiri a iwo vuto silidali kupanikizika kwa njira koma kuchepa kwa mpweya wonse, ngakhale kuti odandaula za chifuwa adali ochepa. Kumidzi ya ku Chikwawa kudapezeka zofanana, munthu mmodzi mwa atatu. Manambala amenewa adadzutsa funso lovuta, lakuti anthuwa achepa poyerekeza ndi yani. Pakuti muyezo woyerekezerawo udachokera kwa azungu a ku America, ndipo ofufuzawo atayerekeza anthu a mu Blantyre ndi anzawo a mu Blantyre momwemo osadandaula za chifuwa, chiwerengero cha operewera chidagwa kwambiri.

Funso limeneli lili ndi mbiri yowawa. M'zaka za m'ma 1850 Samuel Cartwright, dokotala woikira kumbuyo ukapolo kumwera kwa America, adanena kuti mapapo a anthu akuda ndi ochepa mwachibadwa, nagwiritsa ntchito mawuwo kulungamitsa goli la akapolo. Ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake makina oyezera ankachotsera munthu wakuda magawo 10 kapena 15 mwa 100 pa mpweya woyembekezeka kwa iye, kotero kuti wantchito wakuda ankayenera kudwala kwambiri kuposa mzungu kuti awerengedwe wodwala ndi kulandira chipukuta misozi. Mu 2023 bungwe la American Thoracic Society lidalangiza kuti mtundu wa munthu uleke kulowetsedwa m'kawerengedwe kameneka. Kwa ine, kunena kuti mapapo athu ndi aang'ono chifukwa tidalengedwa chomwecho ndi kufulumira kutseka mlandu umene sunazengedwe. Mwana amene adabadwa wosakwana sikelo, nadwala chibayo asanayambe kuyenda, nakula woperewera zakudya, ali kumbuyo kwa amayi ake m'khitchini ya mwaye pamene nkhuni zifuka pamafuwa, nawerenga madzulo ndi nyali ya koloboyi, sadzafika pa msinkhu wa mapapo umene akadafika. Ndipo tikati zimenezo n'zachibadwa chifukwa anzake onse a m'mudzi ali chomwecho, tafanana ndi woyeza ana a chaka cha njala ndi ana anzawo a chaka chomwecho, n'kulengeza kuti onse ali bwino.

Gulu limene likufunika muyezowu mwamsanga kuposa onse, m'kuona kwanga, ndi la amene adachira chifuwa chachikulu. Munthu amamwa mankhwala miyezi 6 mokhulupirika, makhololo ake nayera, nalembedwa kuti wachira, ndipo n'zoona kuti kachilombo kafa. Koma moto ukazima m'dambo, phulusa ndi zitsa zimatsala. Kafukufuku wa anthu 405 omaliza mankhwala a TB ku Blantyre, wolengezedwa mu 2020, adapeza kuti mmodzi mwa atatu adali ndi muyezo wa spirometer wosakhala bwino pa tsiku lomaliza mankhwala. Otere akabwerera kuchipatala ndi chifuwa ndi phuma, kawirikawiri amapatsidwanso kabotolo ka makhololo, ndipo mukapanda kupezeka kanthu amabwerera kwawo ndi mapiritsi a chifuwa wamba, kapena amayambitsidwanso mankhwala a TB amene sangachotse chipsera. Kuuzira kwa mphindi 20 pa tsiku lotsiriza mankhwala kukadasonyeza amene afunika mankhwala opopera, amene afunika kuphunzitsidwa kutulutsa makhololo ndi kulimbitsa thupi, ndi amene ayenera kusiyana ndi ntchito ya fumbi. Pambali pa iwowa pali osuta ndudu ndi chingambwe opitirira zaka 40, oswa miyala m'mbali mwa misewu, ootcha makala ndi njerwa, ndi aliyense amene chifuwa chake chatha miyezi osapezeka ndi TB. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'zoona. Koma pa matenda a mapapo womvayo amakhala atachedwa kale, ndipo chitseko chiyenera kutsekulidwa ndi a chipatala ndi olemba anthu ntchito.

Za anthu a m'migodi ndiyenera kunena molungama kuti silicosis, matenda obwera ndi fumbi la mwala wa golide, amayamba kuoneka pa chithunzi cha pachifuwa, nthawi zina spirometer ikadali kunena kuti zonse zili bwino. Chithunzi chimatchula dzina la matenda, ndipo kuuzira kumanena kukula kwa chiwonongeko. Ziwirizi zimayendera limodzi pa kuyeza kumene kumachitika pansi pa Tshiamiso Trust, thumba la marandi 5 biliyoni limene makampani 6 a golide adavomera kulipira, khoti la ku South Africa nkuvomereza mu 2019, lothandiza amene adagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira pa 12 Malichi 1965 nadwala silicosis kapena TB, pamodzi ndi mabanja a amene adamwalira. Ndipo kukula kwa chipukuta misozi kumatsata kwambiri manambala a mpweya aja. Fumbi limenelo limapitiriza ntchito yake munthu atachoka kale kumgodi, zaka 10 kapena 20, ndipo n'chifukwa chake amuna ambiri amene adabwerera kwathu ulendo wa Wenela utaimitsidwa mu 1974, pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown, adatsika basi akuoneka amphamvu, atanyamula masutikesi, mawailesi ndi mabulangete.

Atsibweni anga adali mmodzi wa iwo. Adayamba aleka kudimba, kenaka kubwalo la milandu kumene mawu awo ankamveka, kenaka kutchalitchi, ndipo chaka chawo chotsiriza adachithera pakhonde atatsamira nsanamira, akulankhula mawu atatuatatu. Pa nthawi yopita adapimidwa thupi nayezedwa kulemera kuti aoneke ngati angathe ntchito, koma palibe pepala lililonse m'sutikesi mwawo limene lidalemba malita amene adapita nawo ndi amene adabwera nawo. Chaka chatha, nditamva chifuwa changa chikulira m'miyezi yozizira, ndidakakhala inenso pampando uja, mphuno zitapanidwa, ndipo ndidauzira kasanu kufikira maso atachita chidima namwino asanakhutire. Manambala adatuluka abwino. Pepalalo ndidalipinda ndi kulimata m'buku langa la kuchipatala, pafupi ndi tsamba la BP, ndipo namwinoyo adalemba m'munsi mwake mwezi ndi chaka chimene ndidzapitenso kukauzira.